Mpira Umene a Poldo Sanaponye

Mukafunsa aliyense ku San Clemente kuti malemu Mang Poldo Macaraeg anali munthu wotani, ngakhale mwana wobadwa dzana akuyankhani mawu amodzi: wokana. Bambo ameneyu sanavomerepo chinthu chibadwire. Mukati kunja kwatentha, iwo amati kutentha simukudziwa. Mukati khofi wa lero ndi wokoma, amati lilime lanu linafa kalekale. Ena amalumbira kuti ngakhale pa ukwati wawo wansembe anachita kufunsa kawiri, ndipo yankho lachiwirilo linali lakuti "tiona". Koma izi zinali zoseweretsa chabe. Kukana kwawo kwenikweni, kumene kunadwalitsa anthu mitu kwa zaka zambirimbiri, kunali kwa pa Khoma la Ngwazi.

Khomali lili mu kantini ya Aling Meding, moyang'anana ndi geti la fakitale ya shuga. Kwathu kuno besibo, masewero omenya kampira ndi chibonga, timachita kuyamwira. Munthu akasewera mpaka dzina lake kumveka m'matauni oyandikana nafe, golovesi yake imakhomedwa pakhomapo ndi msomali, basi. Palibe chikho, palibe mendulo. Koma mdzukulu wa munthu woteroyo amayenda mumsika chifuwa chili patsogolo.

Mwambo wake ndi uwu. Tsiku la chikondwerero cha woyera Clemente, misa ikatha, madoda onse amene anasewerapo mu timu ya fakitale amakhala mozungulira m'kantinimo. Wapampando, Dokotala Ilagan wozula mano, amatchula dzina, mwini dzinayo n'kukaima pakhomo atavala golovesi yake. Aling Meding amatulutsa mpira wakale, wakuda bii, umene amasunga m'chitini cha masikono. Mpirawo umayenda dzanja ndi dzanja. Wovomera amapatsira mnzake, wokana amangoutaya pansi, nkhani n'kuthera pomwepo mpaka chaka chamawa. Womaliza kuulandira ndiye amauponyera mwini dzina uja, ndipo akawakha walowa. Tsono amene anayambitsa mwambowu, kaya anali ataledzera kaya, analamula kuti womaliza azikhala woponya wamkulu msinkhu kuposa onse. Woponya wamkuluyo anali a Poldo.

Abale inu, mipira inagwa m'kantini muja. Panali mnyamata wina wamphamvu ngati ng'ombe amene anamenya mpira mpaka kukaswa zenera la tchalitchi. A Poldo anati inali mphepo, phi, mpira pansi. Wina amathamanga moti agalu ankamusiya okha. A Poldo anati kuthamanga anaphunzirira kuba mango, ndipo Khoma si la akuba. Wansembe wina wokalamba, amene anaphunzitsa theka la tauni kugwira chibonga, anaima pakhomo paja akumwetulira. A Poldo anamupsompsona dzanja mwaulemu wonse, n'kumuuza kuti mphotho yake ili kumwamba, akaipeze komweko. Ngakhale a ku Amerika sanapulumuke. Wailesi yakanema ikalengeza amene alowa m'nyumba ya ngwazi ya kumeneko, a Poldo ankaimirira n'kumaloza galasi ndi supuni, kutukwana azungu amene sanawaonepo, kuti akudzaza nyumba ndi zinyalala.

Chaka china mkamwini wa a meya, Boyet, munthu amene anasewerapo nyengo imodzi yokha ndipo nyengoyo anaithera pabenchi akudya mtedza, anafuna nayenso kukhomedwa. Anabweretsa nkhumba yathunthu yootcha. A Poldo anadya khungu, anadya nthiti, anapempha pepala n'kukulunga mwendo woti akapatse akazi awo. Mpira utawapeza anaupukuta mafuta pa malaya, n'kuutaya.

"Nkhumbayo ikanaima pakhomopo ndikanaiponyera," iwo anatero. "Yagwira ntchito kuposa iwe."

Madoda atatopa anapangana chiwembu. Lamulo limati amene walowa pa Khoma savotanso, ndiye Dokotala Ilagan anatchula dzina la a Poldo eni ake, kuti awakhomere pamenepo n'kupumula. Aliyense anapatsira mpira mwachangu ngati ukuwotcha. Utafika kumapeto panalibe wina woti aponye koma eni akewo. A Poldo anauyang'ana, n'kufunsa ngati madodawo ali ndi manyazi. Woponya amene analuza kwa timu ya ku Santa Rita pa fainolo akhomedwe pa Khoma? Anadzikana okha, phi, n'kuitanitsa khofi wina.

Tikafika pa Santa Rita tafika pa Mang Selmo Dimaano, ndipo apa ndiye pali nkhani. Onse aja anakanidwa kamodzi kapena kawiri n'kuiwalako. A Selmo anakanidwa chaka ndi chaka, kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka kutsala kamzere kokha kumbuyo kwa makutu. Iwo anali wowakha, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya, ndipo unyamata wawo wonse anawakha mipira ya a Poldo. Awiriwa anakulira mzere umodzi wa nyumba za fakitale. A Poldo anawaimira mwana wawo woyamba pa ubatizo, n'chifukwa chake ankaitanana kuti pare, dzina la anthu olumikizana ndi ubatizo wa mwana. Ndipo munthu yemweyo, mnzawo wa pamtima, ndiye ankawatayira mpira pamaso pa tauni yonse. A Selmo sankafuna china padziko pano koma kuona golovesi yawo pa msomali asanatsikire kumanda. Sankabisa ayi. Malo anali atasankhiratu, pafupi ndi zenera, poti dzuwa la m'mawa lizifikapo.

Chinachitika pa fainolo ija n'chaching'ono mochititsa manyazi. Wowakha amauza woponya mtundu wa mpira ndi zala, mobisa, pakati pa miyendo. Chala chimodzi ndi mpira wowongoka wa liwiro, ziwiri ndi wokhota. Masewero ali kumapeto, zigoli zili zofanana, munthu wa Santa Rita ali pakona yachitatu akungodikira kuthamangira pakhomo, paja pamaima womenya, pomwe chigoli chimalowera. A Selmo anatsitsa chala, n'kudikira mpira wowongoka pachifuwa. A Poldo anaponya wokhota. Womenya anauphonya ndithu, koma mpirawo unagwera m'fumbi, n'kudutsa pakati pa miyendo ya a Selmo, kugubuduka mpaka ku waya. Wa Santa Rita analowa akuvina. A Selmo ankati anatsitsa chala chimodzi. A Poldo ankati zinali ziwiri. Vuto n'lakuti zala za a Selmo zinathyokathyoka ndi mipira mpaka kupindika ngati mizu ya chinangwa, moti akatambasula chimodzi chinzake chimatsatira chokha theka la njira. Ndiye weruzani inuyo.

Chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri a Selmo ndi mmene a Poldo ankakanira. Ena ankangowatayira mpira mwachidule. Koma likatchulidwa dzina la Selmo, a Poldo ankaimirira, mpira uli m'manja, n'kuyamba ulaliki. Ankafunsa madodawo ngati akumudziwa munthu waima pakhomoyo. Ankanena za tsiku limene Selmo anasewera chala chitathyoka, atachimanga ndi khungwa la nzimbe. Za tsiku limene anatulutsa anthu atatu othawira pakona yachiwiri, akuponya ali chogwada. Za chimunthu cha ku doko chimene chinamugunda pakhomo mpaka dzino kuuluka, iye osataya mpira, n'kudzuka kukafuna dzinolo pambuyo pake. Ankanena mpaka ana osuzumira pazenera kukamwa kuli yasa, mpaka Aling Meding kupukuta maso ndi epuloni. A Selmo, pakhomo paja, mtima unkayamba kugunda, n'kumati mwina chaka chino.

"Ndiye munthu wotereyu," a Poldo ankamaliza, "munthu amene Mulungu anam'patsa manja otere, alibe ufulu wophonya mpira wa Santa Rita. Akanakhala Boyet ndikanakhululuka."

Phi.

"Chinali chimodzi, galu iwe!"

"Ziwiri, pare. Ndinali ndi maso nthawi imeneyo."

"Maso ake ati? Iwe unkayang'ana mtsikana wogulitsa ayisikilimu uja."

"Ndinam'kwatira, ndiye maso anga anali bwino. Chaka chamawa, pare. Ukaganize bwino."

A Selmo ankatuluka, n'kulumbira pamaso pa woyera Clemente kuti sadzalankhulanso ndi njoka imeneyo. Kunyumba ankaponya golovesi pamwamba pa kabati. Lolemba m'mawa mukadutsa pa kantini munkawapeza awiriwo pa tebulo limodzi, akuviika buledi mu khofi, akukangana za zala.

Chaka chimene a Selmo anayandikira kwambiri ndi chija cha dzino. A Poldo linawavuta dzino la m'kati, ndipo Dokotala Ilagan, munthu wophunzira koma wa mtima wa fisi, anawauza kuti mpata ulipo m'mawa wa chikondwerero wokha. Anawabaya jakisoni woti n'kugonetsa njati, anazula dzino, anawadzaza thonje m'kamwa n'kuwalamula kuti akagone mpaka madzulo. Iye anathamangira ku kantini n'kutchula dzina la a Selmo misa isanathe n'komwe. Mpira unayenda. Womaliza tsopano anali woponya wina wamanyazi, amene anali atakweza kale mkono. A Selmo anatambasula golovesi. Pomwepo kunja kunaima njinga yamoto ya kabaza, ndipo anatsikapo a Poldo, tsaya lili ngati papaya, dovu likutsika, slipasi imodzi. Sanathe kulankhula. Anangoyenda mopepesuka mpaka pa mpando wawo, anatambasula dzanja, woponya wamanyazi uja n'kuwapatsa mpira ngati mwana wogwidwa akuba shuga. A Poldo anayesa ulaliki wawo wonse ndi manja ndi kubuula, thonje lili m'kamwa, mpaka kutsanzira dzino louluka lija. Kenako anakweza zala ziwiri m'mwamba, n'kutaya mpira.

Tsiku limenelo a Selmo analira, osati mwanthabwala ayi. Anali ataitana ana awo kuchokera ku Manila, ndipo akazi awo anali ataphika pansit, chakudya chathu chonga supageti, mphika waukulu. Bambo wachikulire kuima pakhomo atavala golovesi pamaso pa zidzukulu zake, n'kubwerera nayo kunyumba! Tauni yonse inawakwiyira a Poldo. Amayi a mumsika ankawagulitsa nsomba zoipa dala. Tonse tinkati bamboyu ndi mfiti, ndipo tsiku limene adzachoke pa mpando uja San Clemente adzapuma. Tinanena ndi pakamwa pathu. Walira mvula walira matope.

Sitiroko inawagwira a Poldo nyengo yodula nzimbe, ndipo inasankha mkono wamanja, woponyera uja. A Selmo anazengereza masiku angapo, akuti akadali okwiya, kenako masana ena anagula malalanje n'kupita kukawaona kuchipatala. Anawapeza atagona pafupi ndi zenera, atachepa ngati mwana, mkono uli pa bulangeti ngati si wawo. Anthu awiriwa sankadziwa kuyankhulana mwaulemu. A Selmo anasenda lalanje. A Poldo analawa n'kunena, pakamwa patapotoka, kuti ndi lowawasa.

"Tandionetsa," anatero a Poldo.

"Chiyani?"

"Mmene unatsitsira."

A Selmo anayang'ana kuchitseko kuti pasakhale woona, n'kunjuta pambali pa bedi, maondo akulira ngati chitseko chakale. Anatsitsa chala chimodzi. Chinzake chinatsatira theka la njira, monga mwa nthawi zonse. A Poldo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, diso limodzi lili gwa.

"Ziwiri," anatero.

"Ufa ndi bodza lakoli, pare."

"Sindifa. Mkonowu ukadzuka ndidzakuponyera. Chaka chamawa."

A Selmo anatukwana, nadzuka movutikira atagwira bedi, n'kupita kwawo akung'ung'udza kuti munthu angakhale pakamwa patapotoka bodza limatuluka lowongoka. Mawu akuti chaka chamawa anali atawamva kambirimbiri. Koma akuti "ndidzakuponyera" anali asanawamvepo, ndipo anawasunga. Anatsitsa golovesi pa kabati n'kuyamba kuipaka mafuta a kokonati.

A Poldo anamwalira mvula isanayambe, ndipo ngakhale imfa anaikana mpaka tsiku lomaliza, akuuza namwino kuti makina ake ndi abodza. Pa maliro anthu anasewera makadi pansi pa tenti monga mwa mwambo, koma masewero anali ozizira chifukwa panalibe wonena kuti wina akubera. A Selmo anayenda kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda osatulutsa msozi. Ankangoti munthuyu wathawa mlandu.

Tsono tamverani zimene zinachitika pa chikondwerero chotsatira, chifukwa n'zimene zimandinyansa mpaka lero. Madoda anakhala mozungulira, mpando wa a Poldo uli pamalo pake, wopanda munthu, poti Aling Meding anakana kuuchotsa. Oponya akale anali atatha, wamanyazi uja atasamukira kwa mwana wake, ndiye Dokotala Ilagan anadziika yekha kumapeto. Mpira unayenda ngati mbale ya chopereka. Wa zenera la tchalitchi analowa. Wa mango analowa. Mlamu wa dokotala, amene ntchito yake inali kunyamula madzi a timu, analowa. Boyet analowa, ndi golovesi yogula dzulo lake, kapepala ka mtengo wake kakadali pa chingwe. Aling Meding misomali inawathera, anachita kuzula wa kalendala. Palibe anatsutsa, palibe anafunsa kuti kodi ameneyu anachitapo chiyani. Ankangowomba m'manja ngati ali pa ukwati wa munthu wosamudziwa.

Kenako dokotala anatchula dzina la a Selmo. Iwo anakaima pakhomo, malaya oyera owongoledwa bwino, golovesi ikunyezimira mafuta. Anadikira kuti wina aimirire anene kanthu. Dokotala anakonza kukhosi n'kunena kuti Mang Selmo anali wosewera wabwino kwambiri, wakhama, amene anatumikira timu mokhulupirika pakona yoyamba.

Pakona yoyamba! Munthu amene anathera maondo ake akunjuta kumbuyo kwa womenya! Ndipo m'kantini monse palibe anakonza. Achinyamata ankayang'ana mafoni. Madoda ankasuzumira kukhitchini kumene kunkachokera fungo la nkhumba ya Boyet. Za chala chomangidwa ndi khungwa la nzimbe, za atatu aja, za dzino, palibe anatchula. A Selmo anayang'ana nkhope imodzi imodzi, ndipo anazindikira chinthu chimodzi. Anthuwa zonse zija ankazimva kwa a Poldo, chaka ndi chaka, ndipo popanda a Poldo palibe anazisunga. Ngakhale mpira wa Santa Rita palibe ankawasungiranso mlandu.

Mpira unafika kwa dokotala mosavuta. Apo a Selmo anachita chimene thupi lawo linazolowera. Ananjuta pakhomo paja, pang'onopang'ono, maondo akudandaula, anakweza golovesi pachifuwa, n'kutsitsa chala pakati pa miyendo.

"Mang Selmo, mwadwala?" anafunsa dokotala. "Kapena mukufuna mpando?"

"Ponyani, adokotala."

Dokotala anaseka, anayandikira, n'kuuponya chapansipansi mofewa, mmene umaponyera switi kwa mwana. Mpira umenewo ngakhale wakhungu akanawakha. A Selmo anauyang'ana ukubwera, mpira umene anaudikira theka la moyo wawo, n'kubweza golovesi kumbuyo. Unagunda simenti, phi, unagunda chitseko, n'kubwerera m'kati mogubuduka mpaka kukaima pansi pa mpando wa a Poldo.

Onse, ngakhale a mafoni aja, anatembenukira ku mpandowo, ngati kuti pachokera mawu. A Selmo anadzuka atagwira mphuthu ya chitseko, anayenda mpaka pa mpando uja, n'kuuloza ndi chala chawo chopindikacho.

"Chinali chimodzi, galu iwe," anatero.

Anadikira. Tonse tinadikira nawo. Kukhitchini mafuta ankalira m'chiwaya.

Dokotala anathamanga kukatola mpira, akuti zangochitika mwangozi, aponyanso. A Selmo anamuuza kuti asavutike, iwo sawakha mipira ya ozula mano. Anavula golovesi, anaipanira m'khwapa, n'kutuluka nkhumba asanailawe.

Lero Khoma la Ngwazi ladzaza mpaka kudenga, ndipo alendo akalowa amayesa kuti Aling Meding amagulitsa magolovesi. Palibe mwana amasuzumiranso pazenera tsiku la chikondwerero. Mwambo umatha khofi asanazizire. Malo a pafupi ndi zenera aja okha ndi amene Aling Meding amawakaniza, ndipo chaka chilichonse amatuma uthenga kwa a Selmo kuti msomali ulipo. Iwo amayankha kuti chaka chamawa.

Amabwerabe m'mawa uliwonse kudzamwa khofi, pa tebulo lomwe lija, moyang'anana ndi mpando wopanda munthu. Akapeza wina wowamvera, kaya dalaivala wa lole ya nzimbe, kaya mtsikana wotenga mbale, amamufotokozera za Santa Rita kuyambira pachiyambi, n'kutambasula dzanja kuti aone yekha.

"Tanena zoona, mwanawe. Ndi zingati izi?"

"Chimodzi, Mang Selmo," amayankha onse mwaulemu, ena osayang'ana n'komwe.

A Selmo amaliyang'ana dzanja lawolo, chala chimodzi chowongoka, chinzake chitatsatira theka la njira, n'kukankha kapu ya khofi mokwiya. M'tauni yonse ya San Clemente mulibenso munthu wowakonda mokwanira kuti awauze kuti ndi ziwiri.